Zenera la ku Passau

Ku Jeremani sindinapondeko, koma mzinda wa Passau ndimaudziwa mpaka miyala ya m'misewu yake. Ndinauyenda nditakhala pampando wapulasitiki m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Murdoch, kuno ku Perth, manja anga atagwira tabuleti, foni yaikulu ija yoonerapo zithunzi. Pa zaka zanga zonse za unamwino, tsiku limenelo ndilo loipitsitsa, ndipo amene analiipitsa ndine.

Inali nthawi ya mliri wa kolona, malire atatsekedwa. Kuno anatseka zenizeni. Munthu wa ku Melbourne, dziko lomwelino, sankalowa mwachisawawa, nanga ife a ku Lilongwe tikanalota zopita kwathu? Bambo anga ankadwaladwala nthawi imeneyo, ndipo ine ndinkangodalira mauthenga a mlongo wanga pafoni. Kuntchito tinkavala mamasiki tsiku lonse, okalamba athu n'kumationa maso okha. Ambiri mwa iwo anali ataiwala kale mayina a ana awo, choncho kusabwera kwa alendo sikunkawapweteka kwenikweni. Koma m'chipinda cha kumapeto munali amayi ena a ku Jeremani amene mutu wawo unkagwira ntchito kuposa wanga.

Amayiwo anabwera kuno pa sitima yapamadzi ali mtsikana, atangokwatiwa kumene. Miyendo inali itakana, mtima unkagunda mozengereza, koma pakamwa ayi ndithu. Ukachedwa ndi mphindi zisanu kubweretsa mapiritsi, ankangoloza wotchi osanena kanthu, ndipo kulozako kunkawawa kuposa kukalipidwa. Anzanga ankachithawa chipindacho. Ine ndinkagwirizana ndi amayiwo chifukwa nanenso sindine wophweka. Tsiku loyamba anandiuza kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira mbale. Ndinawayankha kuti ketulo ili apo, adzuke akapange okha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo ankauza aliyense kuti pa antchito onse a m'nyumbamo, amene sawanamiza ndine ndekha.

Ku Passau anasiyako mng'ono wawo, m'nyumba imene awiriwo anabadwira. Mng'onoyo makutu anali atatha, foni ankaikana, ndiye ankalemberana makalata apamanja ngati kale. Mliri utabwera makalatawo anayamba kufika mwa apo ndi apo. Amayi aja ankadziwa kuti ndege sadzakweranso, ndipo sankabisa. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi, kuona nkhope ya mng'ono wawo kamodzi kokha asanatsikire kuli chete.

Amene anapeza njira ndi mwana wawo wamkazi, yemwe malire anamutsekera ku Melbourne. Ku Passau kunali mayi wina amene ntchito yake inali yoyendetsa alendo wapansi mumzindamo, kuwafotokozera mbiri ya nyumba ndi misewu. Alendo atasiya kubwera, anayamba kuyenda yekha foni ataimangirira kukandodo, anthu akutali n'kumaonera. Anapangana kuti atiyendetse ola limodzi, ulendowo ukathere pakhomo pa mng'ono uja, yemwe anali atauzidwa kale kuti adzadikire pazenera. Linali Lachisanu, folo koloko madzulo kuno, kumeneko teni koloko m'mawa. Amayi aja anawerenga masiku milungu itatu yathunthu, akudula kalendala ndi cholembera chofiira.

M'mawa wa tsikulo anandiitana kuti kuli foni yanga ku ofesi. Anali mwana wawo uja, akulira.

"Amayi aang'ono amwalira," anatero. "Msuweni wanga wandiuza kumene. Ine pafoni sindingathe, ndikangomva mawu a amayi ndikanika kulankhula. Auzeni inuyo, chonde. Inu amakukhulupirirani."

Ndinafunsa za ulendo uja. Anati ndiwauze kaye uthengawo, ndipo ngati akufunabe kuona mzinda wawo, asankhe okha. Mwanayo sanamuuze kanthu woyendetsa alendo uja, zoti kuli munthu wotero anali ataiwala. Ine ndinavomera zonse. Ndinaika foni pansi n'kulunjika kuchipinda cha kumapeto ndili ndi cholinga chokanena ndithu.

Ndinawapeza atavala kale. Nthawi inali isanakwane leveni koloko, ulendo uli folo, koma iwo anali pachikuku chawo atavala diresi yabuluu imene ndinali ndisanaionepo. Tsitsi anali atawapesa bwino, milomo atapaka lipisitiki yofiira yomwe inadumpha pang'ono mbali imodzi chifukwa cha kunjenjemera kwa dzanja. Anandipatsa mkanda kuti ndiwamange kumbuyo kwa khosi.

"Maso ako atani?" anandifunsa.

"Mutu ukundipweteka," ndinatero.

Ndiyenera kufotokoza chimene chinandigwira pakamwa, ngakhale kufotokoza sikuchotsa mlandu. Kwathu uthenga wa maliro sumangouponyera munthu. Amene ali yekha sauzidwa. Amayamba wadya, wakhala pansi, pafika anthu oti amugwire, ndiye wamkulu amayamba nkhaniyo chapatali. Amayi anga atamwalira ine ndinali kusekondale yogonera komweko. Amalume anabwera kudzanditenga, anati amayi akufuna kundiona. M'basi anandigulira bani ndi chakumwa, njira yonse akukamba za mtengo wa feteleza. Ndinadziwa nditaona masamba ataikidwa pamsewu wa kwathu, ndipo pomwe ndinkagwa panali kale manja anayi ondilandira. Amalumewo sindinawakwiyire ngakhale tsiku limodzi. Chimene anachita ndinkachitcha chifundo.

Tsono ndinayang'ana amayi aja. Wachibale palibe, mnansi palibe, wowagwira ndine ndekha wovala masiki, yemwe lamulo silinkandilola ngakhale kuwakumbatira. Ndinati mumtima, aone kaye mzinda wawo, asangalale, adye chakudya chamadzulo, ndiitane abusa amene ankayendera nyumbayo, ndiye tiwauze bwinobwino ngati anthu. Za zenera lija ndinaganiza kuti tikatsala pang'ono kufika ndidzazimitsa tabuleti n'kunena kuti netiweki yavuta. Bodzalo ndinalikonza modekha, ngati mmene ndimaikira mapiritsi m'tikapu, ndipo ndinkadziona ngati munthu wabwino.

Folo koloko itakwana kunja kunkagwa mvula yozizira ya kuno ija, yopanda bingu, yongonyowetsa. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa chikuku, tabuleti ndikuigwira patsogolo pathu. Mwadzidzidzi m'chipindamo munalowa dzuwa la dziko lina. Woyendetsa alendo anali mayi wamtali wa imvi zochepa, masiki ataitsitsira kuchibwano, ndipo anatipatsa moni wansangala kwambiri, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali osaona kasitomala. Ankalankhula Chingerezi kuti nanenso ndizimva.

Anayambira pansonga ya mzinda, pomwe mitsinje itatu imakumana. Anatembenuza foni pang'onopang'ono kuti tione. Madzi a mtsinje wina anali obiriwira motuwa, a wina oderapo, a kamtsinje kachitatu akuda bii, ndipo ankayenda limodzi kamtunda ndithu asanasakanikirane. M'mphepete munali sitima zazitali zoyera zonyamula alendo, zitamangidwa, mipando ya pamwamba itasanjikizidwa, mopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Amayi aja anasendera kutsogolo mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Apo," anatero akuloza. "Apo mng'ono wanga anataya nsapato yatsopano. Bambo anatikwapula tonse awiri, ine wopanda mlandu. Lero ndimukumbutsa."

Ndinati ee.

Tinalowa m'timisewu topapatiza toyala miyala, toti galimoto ziwiri sizingapatukirane. Tinkamva nsapato za mayi uja, gu gu gu, ndi mpweya wake pokwera mtunda. Nyumba zinali zopaka utoto wachikasu, wapinki ndi wobiriwira, zogundana mapewa. Mashopu ambiri anali otseka. Pakhomo pa malo ena odyera mnyamata wovala epuloni ankapukuta matebulo opanda anthu. Kenako tinatulukira pabwalo, patsogolo pa tchalitchi chachikulu choyera cha madenga obiriwira, ndipo mayi uja anayamba kufotokoza za limba lalikulu la m'katimo ndi mabishopu amene analamulira mzindawo kalekale. Ntchito yake ankaidziwa, anali asanaiwale chiganizo ndi chimodzi chomwe. Ine sindinkamva kanthu. Maso anga anali pawotchi ya pakhoma, ndikuwerengera pomwe ndidzazimitse.

Anatsika nafe kumtsinje, kunyumba ya khonsolo ya mzinda. Pakhoma pake panali mizere yolembedwa, wina pamwamba pa unzake, kusonyeza pomwe madzi osefukira anafika m'zaka zosiyanasiyana. Mizere ina inali pamwamba kuposa chitseko. Mayi uja anakweza kandodo kake kuti tiione bwino.

"Uwo ndi wathu," anatero amayi aja. "Mzere uwo. Anatitulutsa pazenera n'kutikweza m'bwato, ine ndi mng'ono wanga. Iye anakana kusiya mphaka, anamuika m'malaya. Mphakayo anamukanda chifuwa chonse, iye osalira n'komwe. Wamakani kuyambira kale."

Anaseka, woyendetsa alendo naye anaseka. Kenako amayi aja anasiya Chingerezi n'kuyamba kulankhula Chijeremani, mofulumira, ndi mawu olamula aja amene tonse tinkawadziwa. Mayi uja anayankha mwachidule, anasekanso, ndipo chithunzi chinatembenuka. Anayamba kuyenda mwandawala.

"Mwamuuza chiyani?" ndinafunsa.

"Ndamuuza kuti mbiri ya mabishopu ndikaimva kumanda. Tikupita kunyumba. Ndi pafupi pomwepa."

Pa ola lija panali patangotha mphindi makumi awiri ndi zisanu. Zonse zimene ndinakonza zinali za kumapeto, ndipo kumapetoko kunandipeza ndisanakonzeke. Chala changa chinali pakabatani kozimitsira. Koma tabuleti inkagwedezeka, ndiye amayi aja anaika dzanja lawo pamkono panga kuti ikhazikike. Dzanjalo linali lozizira, lopepuka. Ankatchula khomo lililonse limene tinkadutsa: apa pankakhala wosoka nsapato, apa mphunzitsi wankhanza, apa mnyamata amene ankafuna mng'ono wanga. Ndikanatha kuzimitsa. Ndikanathanso kutsegula pakamwa n'kunena, nthawi inalipo, mwina mphindi ziwiri zathunthu. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi, ndinangokhala ngati chitsa.

Nyumbayo inali yachikasu, yopyapyala, yosanja katatu. Mayi uja anaima tsidya lina la kamsewu n'kuloza foni m'mwamba, pazenera lapakati. Panali kabokosi ka maluwa ofiira amene anali atayamba kufota. Zeneralo linali lotseka, katani yoyera itakokedwa. Amayi aja anali atakweza kale dzanja, akubayibitsa, akuitana dzina la mng'ono wawo ndi mawu aang'ono amene ndinali ndisanawamvepo, mawu a kamtsikana.

Katani sinagwedezeke. Mayi uja anawoloka kamsewu n'kuliza belu. Tinalimva likulira m'kati. Analizanso, nthawi yaitali.

"Ndi gonthi," amayi aja anandiuza, dzanja likadali m'mwamba. "Waiwala nthawi, chitsiru chimenechi."

Chitseko cha nyumba yoyandikana nayo chinatseguka. Panatuluka bambo wachikulire atavala masilipasi, nyuzipepala ili m'manja. Anafunsa kanthu, mayi uja anayankha mwansangala akuloza foni yake. Bamboyo anavula magalasi. Analankhula ziganizo zitatu kapena zinayi, motsitsa mawu. Chijeremani sindichimva ngakhale liwu limodzi, koma sindinafunike womasulira. Chithunzi chinagwa pansi. Tinkangoona miyala ya mumsewu ndi nsapato za mayi uja, zabulauni, chingwe china chitamasuka.

Dzanja la amayi aja linatsika pang'onopang'ono mpaka pamwendo. Anafunsa funso limodzi m'Chijeremani, ndipo mawu a bambo uja anayankha kuchokera pamwamba pa nsapato zija. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Wamwalira Lachitatu," anatero.

Ndikanakhala katswiri wa bodza ndikanadzidzimuka, ndikanagwira pakamwa. Sindinathe. Anandiyang'ana m'maso, pamwamba pa masiki, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha kachiwiri. Kusintha kwachiwiriko ndi kumene sindikuiwala.

"Unadziwa."

"Ee, amayi."

"Kuyambira liti?"

"M'mawa. Mwana wanu anaimba."

"M'mawa unandimanga mkanda."

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati kwathu munthu sauzidwa ali yekha, ndinati ndimafuna mudye kaye, ndimafuna abusa abwere. Mawu anga ankamveka opusa ngakhale kwa ine mwini. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha.

"Kwanu ndi kwanu," anatero. "Mng'onoyu ndi wanga. Tsiku lonse la lero linali langa lomulira, iwe wanditengera. Wandisiya ndizibayibitsa zenera la munthu wakufa, nditapaka milomo, pamaso pa anthu a kwathu. Ndamutcha chitsiru. Unali pompa, unamva."

Anapukuta lipisitiki ndi kuseri kwa dzanja, ndipo inawapaka tsaya lonse. Ndinatenga kansalu kuti ndiwapukute, anabweza mutu. Analankhulanso ndi woyendetsa alendo uja, yemwe tsopano ankamveka kuti akulira, ndipo chithunzi chinakweranso mpaka pazenera lija n'kuima pomwepo. Anandiuza kuti nditsamiritse tabuleti pathebulo lodyera ndipo ndituluke. Ndinaima kunja kwa chitseko. Theka la ola lotsalalo mayi wa ku Passau anaimirira mumsewu mkono uli m'mwamba, osafotokoza mbiri ya chilichonse, ndipo m'chipindamo simunamveke kulira kapena mawu.

Akuluakulu a pantchito anandiitana, ndinalemba lipoti, anandichenjeza. Zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka n'chakuti amayi aja anapempha kuti mapiritsi aziwapatsa namwino wina. Masiku amene panalibe wina, ndinkalowa, iwo n'kutambasula dzanja maso ali kuzenera. Ngakhale wotchi anasiya kundilozera. Ndisaname, nanenso ndinakwiya. M'sitima pobwerera kunyumba ndinkakangana nawo mumtima, ndinkati azungu inu mumaponyerana imfa ngati mpira, mulibe ulemu, ine ndimakuchitirani zabwino. Amayi aja anamwalira nyengo yozizira isanathe, m'mawa wina ine ndili pa ofu. Ndinamva kwa mnzanga amene ananditumizira uthenga wa mzere umodzi.

Patapita milungu ingapo, Lachinayi lina, ndinaweruka masana n'kukwera sitima, kenako basi ya ku Mirrabooka, kumene ndinkakhala. M'nyumbamo ndinkakhala ndi mtsikana wina wa ku Zambia amene ankaphunzira kuyunivesite. Nditafika ndinaona galimoto ya amayi abusa a kutchalitchi kwathu itaima panja. Pakhomo panali nsapato za anthu atatu, zitandandalikidwa bwino. Ndinaima pamenepo makiyi ali m'manja. Kwa masiku anayi mlongo wanga ankandiuza kuti bambo akugona, kapena kuti netiweki ikuvuta.

Ndinalowa. Amayi abusa anali pasofa ndi amayi ena awiri a kutchalitchi, onse atamanga zitenje pamwamba pa majuzi. Mtsikana wa ku Zambia uja anali kukhitchini, sanatuluke.

"Asisi, mwaswera bwanji? Timangodutsa, tinapita kushopu apa kukagula ufa. Khalani pansi, tiyi wapsa. Mwadya koma? Shifiti inali bwanji?"

Ankalankhula mokoma, ndi nkhope imene ndinkaidziwa bwino chifukwa ndinaivalapo. Chikwama sindinachitule.

"Liti?" ndinafunsa.

"Khalani kaye pansi, mwana wanga."

"Amayi, pepani, sindikhala. Bambo anga amwalira liti?"

Anayang'anana. Mmodzi wa amayi awiri aja anayamba kusisima.

"Lolemba," anatero amayi abusa. "Anaika dzulo. Ndi kolonayu salola kusunga thupi. Achimwene anu anati poti simungapite, mumalize kaye mashifiti anu, musamve muli kuntchito. Anaimbira abusa kuti tibwere tikhale nanu."

Anandigwira, ndipo ndinawalola. Manja analipo asanu ndi limodzi, monga mwa mwambo wathu, ndipo sindinagwe pansi. Anayamba nyimbo, anandimwetsa tiyi wa shuga wambiri. Zonse anachita bwino, palibe chimene ndingawanene. Koma ine mutu wanga unali pa Lachiwiri. Tsiku limenelo ndili pa bureki kuntchito ndinawajambulira bambo uthenga wamawu. Ndinkawanyogodola kuti ndamva kuti akukana phala ngati mwana, ndinati akapanda kudya ndibwera ndi jakisoni wamkulu wa ng'ombe. Ndinaseka ndekha m'kachipinda kodyera mpaka mnzanga anasuzumira.

Uthengawo sindinaufufute, ukadali m'foni mpaka lero. Pansi pake pali yankho la mlongo wanga, limene linabwera patangotha mphindi zitatu: "Amva, aseka kwambiri."